Jombo za ba Desmond

Apolisi a pa siteshoni yathu ku Kanyama ndi amuna olimba mtima akamathamangitsa amayi ogulitsa tomato mumsewu. Koma ifike nkhani ya malipiro awo, onse kukamwa gwa. Akuti wapolisi sachita sitalaka, ndipo wodandaula pagulu amamusamutsira kutchire kopanda magetsi. Ndiye imvani nzeru zawo: kutuma ife akazi awo kuti tikawalankhulire.

Anga ndi ba Desmond. M'mawa wa tsiku limene bwana wamkulu ankabwera kudzaona perete, ndinagwada n'kuwapaka polishi pa chala chachikulu. Jombo yakumanja inali itabooka ndi madzi a dzinja a mu Kanyama, sokosi nayonso inali itatha, ndiye chala chinkasuzumira.

"Amake Linda, mukakambe vonse," anatero. "Akakuvutani, ine nili kumbuyo kwanu."

Ndinawakhulupirira, uchitsiru wangawo. Sindinkayembekeza kuti boma lisintha tsiku lomwelo ayi. Ndinkangofuna kuti zikavuta, mwamuna wanga anene pagulu kuti uyu ndi mkazi wanga.

Bwanayo anafika mochedwa, mimba patsogolo. Analankhula mpaka dzuwa kutiwotcha, akuti lamulo limateteza wapolisi aliyense kuti alandire malipiro oyenera, akuti palibe angawapondereze. Atamaliza anafunsa ngati alipo wodandaula. Mzere wonse wa apolisi unangoti zii.

Ndinamanga chitenje n'kulowa pakati pa bwalo.

"Bwana, lamulo mukamba likhala mu ofesi iti?" ndinafunsa. "Kunyumba kwanga sinalionepo. Mwamuna asebenza usana na usiku, koma mwana agona na tiyi chabe."

Bwanayo sanandiyankhe ine. Anatembenukira mzere wa apolisi. "Ni mukazi wa ndani uyu?"

Ndinayang'ana ba Desmond. Iwo ankayang'ana mbendera ngati akuiona koyamba.

"Musavutike, bwana," ndinatero. "Wanga ni uja anapaka polishi pa chala."

Mzere wonse unazolika kuyang'ana mapazi, ndi sajeni yemwe. Ndinatsala pang'ono kuseka. Ba Desmond okha ndi amene anaumitsa khosi, ndipo bwanayo anakondwera nawo.

"Iwe wooneka wamwambo, chosa mukazi uyu."

Anabwera akuguba bwinobwino, n'kundigwira pamkono mmene amagwirira akuba mafoni.

"Amayi, tiyeni panja. Muno si mu maliketi."

Amayi. Ine amene ndinawaberekera Linda. Mtima unandipweteka, sindibisa. Mpaka pa geti ndinkadikira kuti mwina andinong'oneza kamawu, ngakhale pepani. Anatseka geti, n'kutembenuka, n'kumenya sawatcha.

Pobwerera kumzere polishi inali itasupuka, ndipo bwanayo anachiona chala chija. Sanafunse kuti anachipaka ndani. Analamula kuti wapolisi womvera chotero apatsidwe jombo zatsopano. Za malipiro sanazitchulenso, ndipo mpaka lero malipirowo ali pomwepo.

Madzulo ba Desmond anafika akumwetulira, jombo zatsopano m'manja. Anaziika pakhomo pamodzi ndi kachitini ka polishi ndi bulashi, monga mwa masiku onse, n'kukhala pampando kudikira.

Ndinazikankhira kumapazi kwawo ndi tsache.

"Pepani, ba ofisala," ndinatero. "Amayi aja munawapitikitsa pa geti. Itanani lamulo likupukutireni."