Mpweya wa Lourenco

Pamsika wa Mangochi, Lourenco ankadziwika ngati mlimi wothawa nkhondo ku Mozambique, wonyamula matumba a usipa. Zoti anathawa usilikali ankadziwa ndi mkazi wake Luisa yekha. Zikanamveka, apolisi akanamubweza kumalire, ndipo kumeneko munthu wothawa usilikali sankamufunsa zambiri.

Koma chimene munthu amakonda n'chovuta, abale. Atamva kuti a Blackson akuphunzitsa masewera omenyana a taikwondo m'holo ina paboma, miyendo inamutengera yokha. Ananama kuti sadziwa kanthu, ndipo a Blackson anamumanga lamba woyera wa oyamba kumene.

Masewerawa ali ndi mabungwe awiri osamwerana madzi. Gulu la a Blackson linkatsata bungwe la ku South Korea. Lourenco anaphunzira za bungwe linalo, kwa alangizi a ku North Korea, kukampu ya asilikali. Kumeneko wosewera ankatsika n'kukwera ngati bwato pafunde, n'kutulutsa mpweya mwamphamvu pa nkhonya iliyonse. Mpweya umenewu ndi umene Lourenco ankaubisa, chifukwa ukanaulula kuti anali msilikali.

Tsiku la mayeso kunabwera a Simioni, woyesa wochokera ku Blantyre, amenenso anali wapolisi. Lourenco anayamba bwino, akudzilakwitsa dala. Kenako thupi linakumbukira lokha. Bondo linatsika, nkhonya inatuluka, mpweya unalira m'mano.

A Simioni anakweza dzanja.

"Bwereza."

Anabwereza. Mpweya unalirabe.

"Kupuma kumeneku si kwathu kuno," anatero a Simioni. "Anakuphunzitsa ndani? Kuti?"

Lourenco anaganiza za Luisa, yemwe anali woyembekezera.

"Ndi mphumu imeneyo, bwana," anayankha a Blackson osaphethira. "Fumbi la matumba linamuwononga chifuwa. Mawondo akugwederawo ndi njala. Ndinamuuza kale kuti masewerawa si ake."

A Simioni anamuyang'ana Lourenco. "Nanga mukutitayitsiranji nthawi ndi odwala? Muchotseni."

Panja, a Blackson anamuvula okha lamba uja.

"Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe, achimwene. Mumandiposa kutali. Koma pano musadzapondenso. Pakamwa panu pamatha kunama, thupi lanu ayi."

Lourenco anabwerera kumsika misozi ikulengeza. Lole ya usipa inali itafika. Anawerama, n'kukweza thumba loyamba atatseka pakamwa.