Wosenza Thabwa Sacheuka

Amuna anga, a Pilato, ananola chikwanje mpaka chinkameta ubweya wa pamkono, n'kuchiimika kuseri kwa chitseko. Sichinali chotchetchera udzu. Chinali chodzatemera a Chester, amene ankasenza matabwa kuchokera kuphiri la Chambe limodzi ndi apongozi anga, bambo awo a Pilato. Tsiku lina la chiperoni anatsika phiri awiriwiri, a Chester patsogolo, apongozi pambuyo. Pansi anafika a Chester okha. Apongozi anapezeka m'mawa mwake kunsi kwa thanthwe, atazizira kale. Mudzi unagamula mlandu pamaliro pomwepo: anawasiya dala, mwinanso anawakankha.

Ine tulo tinathawa. Mwamuna akalowa ndende, Sekani wathu ndimulera bwanji ndi katchito kothyola tiyi?

Chimene chinagwira mkono wawo ndi sewero. A Esteri, aphunzitsi otsogolera gulu la zisudzo kutchalitchi kwathu ku Chinakanaka, analemba sewero motengera masewero akale, la mnyamata amene bambo ake anaphedwa. Aliyense akumulozera wowapha, koma iye amangozengereza. Gawo la mnyamatayo anapatsa amuna anga, ati chifukwa cha mawu awo aakulu oitanira makasitomala a kabaza.

"Ndimalize kaye seweroli, ndisawachititse manyazi aphunzitsi," anandiuza. "Kenako a Chester aona polekera."

Koma amuna anga ankadana naye mnyamata wa m'seweroyo ngati nsikidzi.

"Aphunzitsi, ameneyu ndi wamantha basi," anatero tsiku lina tikuyeserera. "Mpeni ali nawo, mdani akumudziwa. Akudikira chiyani?"

"Ine ndinangolemba, bambo a Sekani," anayankha a Esteri. "Yankho mukalipeza mudzandiuze."

Ndiye tsiku la sewero linkangosunthasuntha. Sabata ino mvula, inayo kwaya ili ndi alendo, inayo zovala sizinasokedwe. Sindinawafunse a Esteri chifukwa chake, ndinkangowapititsira mapeyala.

Tsiku litakhazikika, tinakwera m'mbali mwa phiri kukabwereka matabwa a nsanja kwa ocheka. Amuna anga, anthu a njinga, anali asanasenzepo thabwa chibadwire. Anawasenzetsa lalitali, nkhata pamutu, n'kuwachenjeza kuti maso akhale pamapazi, chifukwa ukacheuka thabwa limagunda mtengo n'kukuthyola khosi. Iwo patsogolo, ine pambuyo ndi mitengo ya miyendo.

Pafupi ndi mtsinje ndinaterereka, bondo n'kumenya mwala. Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse: "Bambo a Sekani!" Madzi ankasokosera. Ndinangoona thabwa likuvinavina, likunka kutali, mpaka linazimiririka m'mitengo.

Ndinafika pamsewu ndikutsimphina, magazi ali chuchuchu. Ndinawapeza akuthamangira kumtunda, thukuta kamukamu.

"Rosie, unali kuti? Ine ndimayankhula nawe njira yonse!"

"Ndinagwa pamtsinje paja. Ndinakuitanani."

"Sindinamve," anatero. Anabwereza pang'onopang'ono, "Sindinamve." Kenako anakhala pathabwa lija, manja kumutu.

Lamlungu masana bwalo linadzaza. Anthu akwathu saonera sewero mwakachetechete. Mnyamata uja atakweza mpeni n'kuutsitsanso, anthu akumbuyo anakuwa: "Mubaye, iwe! Ukudikira chiyani?" Ena okuwawo anali omwe aja a pamaliro. A Chester anali ataima okha pansi pa mtengo wa bulugamu, poti palibe ankafuna kukhala nawo benchi imodzi.

Amuna anga anatembenukira kwa anthu, n'kunena mawu amene a Esteri sanalembe.

"Inu munalipo? Ineyo ndinalibe. Ndikabaya, mawa n'kumva kuti sizinali choncho, ndani adzamudzutse?"

Anthu anaseka, ena n'kuomba m'manja poganiza kuti ndi sewero. A Esteri sanaseke. Ineyo ndinalira poyera, osachita manyazi, ndikuthokoza Mulungu, aphunzitsi, ndi mnyamata wamantha uja amene kulibe n'komwe.

Loweruka lotsatira chikwanje chinachoka kuseri kwa chitseko. Amuna anga atatuluka nacho, ndinawatsatira chapatali ndi bondo langalo. Anaima pakhomo pa a Chester n'kuodira.

"Bambo, manda a anzanu amera tchire," anatero. "Tiyeni tikalambule. Mukandiuze m'mene munayendera tsiku lija."

A Chester anatenga khasu. Panjira yopita kumanda anayenda mbali ndi mbali, palibe anatsogola.