Paipi Yopita Kuseri

A Shaibu anali munthu woti akaona chinthu chatsopano ku Lilongwe, tulo sapeza mpaka chinthucho chifike ku Dedza. Ndiye nyumba yawo yatsopano itafika poti ayambe pulasitala, anaimitsa amisiri onse. Akuti khoma lisamatidwe kaye, kukubwera munthu wodzaika mapaipi odutsamo mawaya a kompyuta. Pakati penipeni pa nyumbayo anali atasiya kachipinda kopanda zenera, koti munthu akatambasula manja akhudza makoma uku ndi uku. M'menemo ndi momwe mudzakhale kompyuta yaikulu yosunga za m'shopu zawo ziwiri, ya pa Boma ndi ya ku Chimbiya. Mawaya a makamera, a kanema ndi a intaneti adzachokera momwemo kupita m'zipinda zonse.

Mkazi wawo Mariamu za makompyutazo sankazitsata, ndipo sankabisa. Iye chake chinali khitchini ndi chipinda chachikulu choyang'ana kuphiri. M'nyumba zalendi anali atatopa nazo, kukalamba nazo ndithu, mpaka mwana wawo Zakaria kumera ndevu akusamukasamuka. Tsono tsiku lililonse ankapita kukaona nyumba yake, nsalu atafunda mpaka m'makutu, pakuti chisanu cha mu Juni ku Dedza sichiona kuti uyu ndi mwini nyumba.

M'mawa wina anapeza Keith, mwamuna wa mapaipi uja, atagoba makoma onse. Mapaipi otuwa anali atatuluka m'kachipinda kaja ngati mizu ya chinangwa. Mariamu anayamba kuwalondola imodziimodzi, uku akusangalala. Iyi yapita pabalaza, iyi kwa Zakaria, iyi kuchipinda cha alendo, iyi yakwera kudenga. Koma panali ina yomwe inatsikira pansi n'kusowa. Anatuluka panja, anazungulira kuseri, ndipo anaipeza itagona m'ngalande yatsopano. Inadula dimba lake la kachewere pakati, n'kukathera pafupi ndi mtengo wa mapichesi, kukamwa kwake atakumanga ndi pepala la pulasitiki.

"A Keith," anaitana, "nanga iyi ikukapatsa intaneti mapichesi?"

Keith anaseka, fumbi la njerwa lili mbuu kumaso. "Ayi mayi, imeneyo ndi ya nyumba inayo. Bwana anati tiikiretu, kuopa kudzakumbanso pambuyo."

"Nyumba iti?"

Kuseka kuja kunathera panjira. Keith anayang'ana kwa a Zikhalo, mkulu wa amisiri, ndipo a Zikhalo mwadzidzidzi anapeza chochita ndi wilibala yomwe inalibe vuto lililonse. Aa, amuna! Akamabisirana nkhani amaganiza kuti nkhope zawo ndi zitseko.

Mariamu mtima unamuuluka. Anayesa kukhala pamulu wa njerwa, kukhala kunakana. Anadzuka, anapita kumapichesi, anabwerera, anapitanso. Anayeza ndi maso malo omwe anatsala kuseriko: zipinda ziwiri zikhoza kukwana, ndi kakhonde komwe. Ya antchito? Wantchito wake uti woikiridwa kanema? Ya apongozi? Apongozi anagona kalekale kumanda a ku mzikiti. Anawaimbira a Shaibu, foni inangolira. Anaimbanso, iwo anadula.

Anatsetsereka wapansi mpaka pa Boma, kushopu komwe amagulitsa mlamu wake Munira, mchemwali wa a Shaibu. Munirayu pakamwa pake sipagona nkhani. Mbuzi ikabereka ku Kabwazi iye amakhala atamva isananyambite mwana. Koma tsikulo atafunsidwa za nyumba yakuseri, anayamba kupukuta sikelo yoyera kale.

"Alamu, zimenezo mukafunse achimwene."

"Ndikufunsa inu."

"Ine ndingokhala wogulitsa shuga, alamu. Koma mtima muugwire. Zonse ndi za Mulungu."

Basi, munthu akakuuza kuti ugwire mtima, wakuuza zonse. Mariamu anatuluka osatsanzika, ndipo asanawoloke msewu dzina linali litamufikira lokha. Raheema. Mtsikana wa kushopu ya ku Chimbiya, amene a Shaibu sakanatha kumeza tiyi osamutchula: Raheema wakonza makina, Raheema wapeza pomwe katundu amasowera, Raheema ali ndi mutu. Mariamu n'kumavomera kuti eee, mwanayo ngwanzeru, mpaka pa Idi kumutumizira nsalu. Ha, uchitsiru wake unamuwawa kuposa nsanje.

Kunyumba sanapite. Analowa mumsika osadziwa chomwe akufuna, anagula anyezi ali nawo kale, anaiwala chenji, mayi wogulitsa n'kuchita kumuthamangira. Nthawi ya swala ya masana inamupeza ali m'njira, ndipo atafika kunyumba yalendi n'kuima pamkeka wopempherera, mawu ankatuluka pakamwa koma mutu uli m'ngalande muja. Analira pang'ono, mokwiya, kenako anasamba kumaso n'kuyamba kudzilangiza yekha.

Kodi iye ndi woyamba? Mayi ake omwe anakhala pamitala ndipo anafa ndi ulemu wawo. Chipembedzo chimalola, a shehe adzanena zomwezo, ndipo kukuwa sikunabwezepo mwamuna amene maso apita kale kwina. Chabwino, abwere. Akakhale kuseriko ndi mapichesi akewo. Koma wamkulu ndi wamkulu: m'khitchini mwake asadzapondemo, chingwe choyanikira zovala adzamange chake, ndipo alendo akabwera adzalandiridwa kumaso, ndi iye Mariamu. Anawabwereza mawuwo kangapo mpaka anayamba kumveka ngati a munthu wosatekeseka. Chomwe sakanalola n'chimodzi chokha, nyumba yake yaikulu ija.

Anabwerera kumalo omangawo dzuwa litapendeka, mphepo itayamba kuluma. Anayendayenda m'zipinda, kugwira mafelemu, kutuluka, kusuzumira kumsewu. Galimoto iliyonse yokwera chitunda inkamuimitsa mtima. Pomaliza kagalimoto ka a Shaibu kanatulukira, ndipo iwo anatsika akumwetulira, atanyamula bokosi la mawaya a buluu ngati anyamula mwana wakhanda.

"Mayi a Zakaria, mwaona ntchito? Nyumba ngati iyi ku Dedza kuno kulibe."

"Ndaona. Tabwerani kuno, bambo a Zakaria."

Anawatsogolera kuseri, kutali pang'ono ndi amisiri, n'kuima m'mphepete mwa ngalande. A Shaibu ataona kumene akupita, kumwetulira kunayamba kuchepa. Bokosi lija analiika pansi.

"Musavutike n'kufuna poyambira," anatero Mariamu. "Ndadziwa. Ndi Raheema, si choncho?"

"Ndimafuna ndikuuzeni bwinobwino, nthawi yake itakwana."

"Nthawi yake yakwana lero. Zandipweteka, sindinama. Mwandichititsa manyazi, poti amisiri ndi achemwali anu adziwa ine ndisanadziwe. Koma sindikuletsani. Mumutenge, mumumangire kanyumba kakeko kuno. Changa n'chakuti m'nyumba mwangamo asamalowe ngati kwawo."

Anamaliza monga anakonzera, mawu osanjenjemera, ndipo anadzimva kuti wayankhula ngati mayi. Ankayembekeza kuti a Shaibu apuma mpweya wautali, mwina kuthokoza kumene. Koma iwo anavula kapu yawo, anakanda pamutu, n'kuyamba kuyang'ana dothi la m'ngalande.

"Nkhani yake ndi ya kompyuta ija," anatero.

"Kompyuta yatani?"

"Imafuna munthu pafupi. Magetsi akazima, pamafunika woti aone mabatire. Makamera a ku Chimbiya akasiya, pamafunika woti alowe m'kachipinda kaja msanga. Inu mumanena nokha kuti zimenezi si zanu. Ndiye ndimaona kuti wodziwayo akhale m'katimo."

Mariamu anamva mawuwo, koma anatenga kanthawi kuti alowe.

"M'kati mwake muti?"

"M'nyumbamo. Yakuseri kunoyi ndimati ikhale yanu. Kuno n'kwabata, mayi a Zakaria, kulibe phokoso la alendo, dimba lanu lili pakhomo. Ndipo sindinakutayeni ayi. Paipiyi ndakuikirani dala, kuti nanunso muzionera kanema ngati wina aliyense."

Abale inu, munthu n'kumayankhula choncho nkhope ili gwa, akuona ngati wapereka mphatso! Mariamu anafuna kukuwa kuti amve ndi a pa Boma omwe. M'malo mwake anayamba kuyenda, kutsata ngalande ija kubwerera kunyumba yaikulu. A Shaibu ankabwera pambuyo, akufotokozabe za mabatire.

Atafika pakhoma anaima. Anayang'ana pomwe paipi inatulukira, pansi penipeni, m'munsi mwa njerwa. Anagwada, anapalasa dothi ndi dzanja. Konkire ya maziko inali yosalala, yosagobedwa paliponse. Makoma onse Keith anachita kuswa ndi tchizulo, koma apa bowo linali lozungulira bwino, lakale, loumbidwira limodzi ndi mazikowo.

"A Zikhalo," anaitana, osadzuka, "bowo ili munasiya liti?"

Mkulu uja anabwera akukokera miyendo, anayang'ana abwana ake, anayang'ana pansi. Kunama pamaso pa mayi wogwada kunamukanika.

"Pothira maziko, mayi."

Maziko anathira chaka chatha, mvula isanagwe. Ndi nthawi imene ndalama ya aganyu inavuta, ndipo Mariamu ankadzuka m'mamawa kukasenza miyala kuphiri, mpaka khosi linauma osatembenuka, a Shaibu n'kumamuthira mafuta madzulo akumutcha mkazi wa akazi.

Anatembenuka ali chigwadire, dothi lili m'manja.

"Ndiye pamene ndinkasenza miyala ija, munkadziwa kuti ndikusenzera ndani?"

A Shaibu anavala kapu yawo, anabwerera kukatola bokosi la mawaya, n'kulowa nalo m'nyumba.