Tulo ta pa Bedi la Malemu

Esitere anaikanso chikhatho pachifuwa pa mchimwene wake n'kudikira kuti chikwere. Chinakwera ndithu, koma mochedwa, ndipo mtima wake unakhalabe m'mwamba.

Mchimweneyo, Blaise, anali chigonere kuyambira dzulo lake. Uthenga wa imfa ya bambo awo, a Alufandika, unamupeza pachilumba cha Chisi pomwe ankaphunzitsa, mwera utavuta pa nyanja ya Chilwa. Eni maboti a injini anakana kuwoloka. Iye, makani ake omwe aja, anabwereka kabwato ka munthu mmodzi n'kuyamba kupalasa yekha. Mphepo inakamutaya m'mabango, ndipo pomwe asodzi a ku Kachulu ankamutola, maliro anali ataikidwa kale. Anafika kunyumba ku Matawale manja ali matuza okhaokha, milomo itang'ambika. Sanalire n'komwe. Anangoti, "Nyumbayi ikugwedezeka," n'kugwa pakhomo.

Apa ndi pomwe Esitere analakwitsa. Mphasa zonse zinali ndi anthu, choncho anamukokera m'chipinda chomwe chinali pafupi. Chinali chipinda cha malemu, chomwe sichigonedwa akuluakulu asanachisese.

A Henderson, mng'ono wa malemuwo, anatsika kuphiri m'mawa kudzamutenga Blaise. Achibale anali kumudzi kwawo, m'mphepete mwa nkhalango ya paini, kudikira kuti mwana wamwamuna akaone manda kenako onse amete. Atasuzumira m'chipindamo anabwerera m'mbuyo ngati aponda moto.

"Wamugoneka pati mwanayu?"

"Ababa aang'ono, m'nyumba munali modzaza. Sindinaganize."

"Pabedi pomwe achimwene atsirizikira? Tisanasese? Iwe Esitere, sukulu inakuchotsa mantha kapena nzeru?"

Mawuwo anali aukali, koma mkati mwake munali mantha. A Henderson anali munthu woti njoka akaiona amaifunira ndodo modekha. Kuwaona akuopa kunamuopsa Esitere kuposa kukalipa kwawo.

Nthawi yomweyo Blaise anatembenuka. Mikono yake inayamba kukoka mpweya, uku ndi uku, ngati wagwirabe nkhafi.

"Ndikubwera, ababa," anatero maso ali chitsinzinire. "Ndatsala pang'ono."

Esitere anayang'ana a Henderson.

"Wamva wekha," a Henderson ananong'ona. "Akumuitana. Mudzutse, tikwere naye akatsanzike pamanda. Tikachedwa tikumba kachiwiri."

"Akwera ndi miyendo iti? A Phoebe anamwino aja anamuona dzulo. Anati thupi lauma, azimwa madzi ndipo apume."

"A Phoebe amadziwa za jekeseni. Izi si za jekeseni."

Esitere ankaopa, ndipo mantha ake anali mbali zonse ziwiri. Akamusiya pabedipo bambo n'kumutengadi, anthu adzati ndi iye anamupereka. Akamudzutsa n'kukakomokera pachitunda, wolakwa adzakhala iye yemweyo. Anayang'ana kumaso kwa Blaise, komwe dzuwa linasenda khungu, ndipo anaona kuti akagona amafanana kwambiri ndi bambo awo momwe anawaonera komaliza. Anatembenuza nkhope msanga.

A Henderson anawerama n'kugwira phewa la mnyamatayo.

"Alamu, chotsani dzanjalo."

Anali amayi. Chiikireni maliro sanayankhulepo ndi munthu, ankangokhala pamphasa atafunda chitenje kumutu. Tsopano anali ataima pakhomo pa chipinda, atanyamula beseni la madzi ofunda ndi kansanza.

"Alamu, mwanayu akupita tikuona," anatero a Henderson.

"Akupita ndi yani? Ndi achimwene anuwo?" Amayi anaika beseni pansi. "Inu mwakula nawo. Zaka zonse zomwe ankatsitsa nkhuni kuphiriko, munawaonapo akutulutsa njinga moikankha? Ankainyamula paphewa mpaka kumsewu, ati tcheni chikalira ana adzuka. Ine ndinkawaseka, amvekere, wotopa sadzutsidwa. Ndiye munthu ameneyo ayambe lero kuvutitsa mwana woti wawolokera nyanja? Ngati ali m'chipinda muno, akumulondera."

Dzanja la a Henderson lija linachoka paphewa pang'onopang'ono.

Amayi anakhala m'mphepete mwa bedi, malo omwe anakhala masiku onse a matenda a amuna awo. Anaviika kansanza, kukafinya, n'kuyamba kuthowa zala zotupazo chimodzichimodzi. Zala zinali zopindika, zokana kuwongoka. Atafika padzanja lachiwiri, Blaise anatsegula maso. Anayang'ana kudenga, kenako anaona jekete la bambo ake lili pamsomali, ndipo misozi inayenderera mpaka m'makutu.

"Ndachedwa, amayi."

"Wafika. Imwa."

Esitere anamukweza mutu n'kumugwirira kapu. Anamwa mwaphuma, kutsamwa, n'kumwanso.

"Nyumba ikugwedezekabe?" anafunsa Esitere.

"Pang'ono."

"Iima. Gona."

Anagonadi. Esitere anabwezera chikhatho pachifuwa paja. Mantha sanathe onse, bodza silabwino, koma chifuwacho chinkakwera ndi kutsika osamudikiritsa.

A Henderson anapukuta kumaso ndi chipewa. "Ndikawauze kuphiri kuti tsitsi silithawa," anatero motsitsa mawu. "Timeta akadzuka. Alamu, ndibwerekeko njingayo, miyendo yanga yatha."

Amayi anangogwedeza mutu movomera.

Njinga ya malemu inali pakhonde, pansi pa zenera la chipindacho, zingwe zomangira nkhuni zili chikulungire pakaliyala. Esitere anawaona a Henderson akuigwira pamahandulo n'kuikankha. Tcheni chinangoti khwe kamodzi. Iwo anaima, nayang'ana zenera. Kenako anawerama, kulowetsa phewa pansi pa chitsulo, n'kuinyamula. Anadutsa pabwalo mwakachetechete atapendekera kumanzere, mawilo akuzungulira okha m'mwamba, ndipo sanaitsitse mpaka atafika kumsewu.