Malizani Ndinu, Achimwene

Dzina loti Namisozi anamupatsa ndi mlongo wake wamkulu, ndipo linamukakamira mpaka anakula, kukhala namwino, n'kukwatiwa. Mlongoyo, amene anadzitcha yekha Katswiri, ankagulitsa magalimoto akale, ndipo pakamwa pake sipankapuma. Abale akangokumana, ankakamba mmene dzinalo linayambira.

Ali ana, bambo awo anabweretsa kamakina ka magemu kolumikiza ku TV, ndi kaseti imodzi yokha. Munali kamsilikali kothamanga m'fakitale, kuwombera maloboti ndi kudumpha maenje. Miyoyo inali itatu basi. Chinthu chikangokukhudza, wafa, ndipo miyoyo ikatha unkabwerera poyambirira penipeni. Katswiri sankalola mlongo wake kukhudza padi, kachipangizo ka mabatani kosewerera. Koma iye akapita ku mpira, mtsikanayo ankasewera mobisa, mpaka masana ena anafika kumene Katswiri anali asanafikeko: chipinda chomaliza, mmene munali chinkhanu chachitsulo. Katswiri analowa, nayang'ana TV kamphindi, n'kusolola pulagi pakhoma.

Pokamba nkhaniyi kwa anthu, za pulagi sankazitchula. Ankati, "Anafera pakhomo pa fakitale, n'kulira ngati mbuzi yomangidwa, mamina mbwee!" Anthu ankaseka, Namisozi n'kumangomwetulira, mano ali gwa.

Tsiku lina Katswiri anamuimbira foni. "Iwe, ndapeza kamakina kaja kwa wogulitsa zakale, kaseti yake yomwe ija. Mwezi wamawa tidzakondwerera tsiku lobadwa la mwana wanga wamng'onoyu. Ubwere udzaone mmene amasewerera akuluakulu. Usaiwale kansalu kopukutira misozi."

M'mawa mwake, ataweruka kuchipatala, Namisozi anazungulira m'mabenchi a okonza mawailesi mpaka anapeza kamakina kena, kothothoka utoto, kaseti yake yochita kuuzira mpweya kuti iyake.

Ankaganiza kuti zala zikumbukira. Zinali zitaiwala zonse. Anafera pamlatho woyamba, umene umagumuka ukangopondapo. Atauwoloka, timbalame tachitsulo tinkamugunda ali m'malere, n'kumugwetsera m'dzenje. Ankayamba kuona chipolopolo chitamupha kale. Anavala magalasi ake owerengera, nakokera mpando pafupi ndi TV. Chala chachikulu chinachita thuza, iye anangochimata pulasitala n'kupitiriza.

Mwamuna wake, mphunzitsi wofatsa, ankamupeza masana aliwonse akukangana ndi TV.

"Mayi, osangowakhululukira alamuwo bwanji? Munali ana."

"Mwana ndinali ine. Iwo ndevu zinali zitayamba kale."

Pang'onopang'ono anazindikira kuti gemuyo ndi yankhanza koma si yachinyengo. Loboti lililonse linkatulukira pamalo omwewo, nthawi yomweyo. Analoweza fakitale yonse ngati mmene analowezera makonde a kuchipatala: pano dikira, pano gwada, pano usawombere, ingothamanga. Chinkhanu chija chinamupha kosawerengeka asanachimvetse. Chikatsala ndi chipolopolo chimodzi kuti chife, chinkafiira n'kuchita misala, kulavula moto chipinda chonse. Malo opulumukira anali amodzi, kakona ka kumanzere, ndipo unkayenera kugwada pomwepo mpaka chitsegule kukamwa.

Tsikulo litafika, pabalaza pa Katswiri panadzaza: mkazi wake, ana ake atakhala pansi, ndi anzake awiri ogulitsa nawo magalimoto. Anakamba nkhani ya mbuzi yomangidwa, anthu naseka. Kenako anapinda manja a malaya, natenga padi.

Anafera pamlatho. Anaferanso pamlatho. Kachitatu anawoloka, kambalame n'kumugwetsera m'dzenje.

"Padi iyi ndi yakufa," anatero. "Komanso ma TV amasiku anowa amachedwetsa chithunzi."

Mwana wake wamkulu, mtsikana wa ku sekondale, anati, "Azakhali ayeseko."

"Asiyeni, angatinyowetsere kapeti."

Namisozi anatulutsa magalasi m'chikwama, navala, nalandira padi.

Atawoloka mlatho, ana anaomba m'manja. Atadutsa timbalame, anzake a Katswiri anaika matambula pansi. Kamsilikali kankagwada chipolopolo chisanatuluke, kankadumpha dzenje lisanaoneke. Pabalaza pankangomveka kanyimbo ka gemu ndi mabatani. Katswiri anayesa kuponya nthabwala, koma maso onse anali pa TV.

Anafika kwa chinkhanu miyoyo yonse itatu ilipo. Anachiwombera, kuchiwombera, mpaka chinafiira. Pomwepo anadina batani loimitsa gemu, chithunzi n'kuima. Anadzuka, napita pamene panakhala mlongo wake, namupatsira padi ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Chatsala chipolopolo chimodzi chokha. Ine ndine Namisozi, zazikuluzi sindingazithe. Malizani ndinu, achimwene."

"Ayi, iwe pitiriza..."

"Adadi malizani! Adadi malizani!" ana anakuwa.

Mnzake wina anati, "Chimodzi chokha, bwana. Ngakhale ine ndingathe."

Katswiri analandira padi. Atangodina batani, moto unamupsereza asanasunthe n'komwe. Moyo wachiwiri anathawira kumanja, chinkhanu n'kumuponda. Wachitatu anadumphadumpha uku akuwombera denga, akudina mabatani onse pamodzi, mpaka kamsilikali kanagwa chagada. TV inada, kenako inaonetsa khomo la fakitale, poyambirira paja.

Mwana wamng'ono uja, mwini tsikulo, anatembenuka. "Adadi, ngakhale chimodzi?"

Anzake aja anaseka mpaka wina anatsamwa. Mtsikana wa ku sekondale anagwira dzanja la Namisozi. "Azakhali, munaphunzira liti zimenezi?"

"Ndinafika m'chipinda cha chinkhanuchi ndili wamng'ono kuposa iwe. Uwafunse bambo ako chimene chinachitikira pulagi tsiku limenelo."

Mkazi wa Katswiri anayang'ana mwamuna wake. "Munamuzimitsira? Zaka zonsezi mwakhala mukutiseketsa ndi bodza?"

"Zachibwana izi," anatero Katswiri, nadzuka. Anati akukaona ngati anatseka magalasi a galimoto, ndipo anakhalitsa panjapo mpaka keke inadulidwa iye kulibe. Namisozi anadya magawo awiri.

Pobwerera, mwamuna wake ankayendetsa galimoto akumuyang'ana cham'mbali. Atafika pa maloboti a pamsewu anafunsa, "Ndiye mtima watsika tsopano?"

"Theka."

"Theka linalo?"

"Pali nkhani ya njinga yanga yofiira. Anaigwetsera m'ngalande, n'kukauza bambo kuti ndinaisiya panja ikabedwa. Ndinakwapulidwa ine."

"Imeneyo munali ndi zaka zingati?"

"Ndinali ndisanayambe sukulu. Ndikuiganizira bwinobwino."

Galimoto ya kumbuyo inaimba hutala, mphunzitsiyo osasuntha.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "ngati ndinakulakwiraniko penapake, ngakhale tili pachibwenzi, chonde ndiuzeni lero lomwe."

Namisozi anamatula pulasitala pachala, nayang'ana thuza lija. "Yendetsani, bambo. Kwabiriwira."