Madola a Mumtsamiro

Mkazi wawo atamwalira, Bambo Dionísio a ku Chiuaula anagulitsa chigayo chawo, nasintha ndalamazo kukhala madola, poti ndalama yakwawo ya metikali, iwo ankatero, imasungunuka ngati mchere pamvula. Anawasokera mumtsamiro, naleka kucheza ndi anthu poopa kupemphedwa. Koma wotsekera anzake chitseko amatsekeranso nkhani kunja.

Patapita zaka zambiri, mwana wawo Brígida anaimba foni kuti akukwatiwa ku Maputo. Bambowo anathamangira kumsika kwa Nordino, wosintha ndalama, kuti apeze yokwerera ndege.

"Madala, awa ndi akale, okhala ndi chithunzi cha mutu waung'ono," anatero Nordino, akuwabwezera. "Kuno tinasiya kalekale kuwalandira. Simunamve?"

"Ndikanamva kwa yani?"

Tsiku laukwati anavala jekete, nakhala okha pakhonde, akudikira zithunzi pafoni.