Njerwa M'dimba la Otília

"Musazule ngati mukuzula udzu, mana Catarina. Lowetsani kamtengo pansi, mbande ituluke ndi dothi lake."

Ankanena zimenezi anali Isménia, mlangizi wa zaulimi amene amayi a ku Degue ankangomutchula kuti tekinika. Anali atagwada m'mbali mwa nazale, manja ali matope okhaokha. Mvula inali italekeratu, madzi a Zambezi akubwerera m'malo mwake, ndipo dothi linali likadali lonyowa bwino. Inali nyengo yookera matimati.

Dimbalo linali la Otília. Iye ndi malemu mwamuna wake analiswa atangobwera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, malowo ali bango lokhalokha. Chaka chatha, Isménia atabwera kudzafuna malo ophunzitsirapo, ena onse anayang'ana kumbali. Otília ndiye anati, "Bwerani kwanga." Kuyambira pomwepo gulu linkakumana Lachitatu lililonse. Anaphunzira kupanga manyowa, kuphimbira mabedi ndi mapesi kuti dzuwa la ku Tete lisamwe madzi onse, ndi kusinja masamba a nimu othamangitsira tizilombo. Ndowe za mbuzi anazisenza pamutu kuchokera kumakola akutali, mpaka makosi kuuma.

Ali mkati mookera, anamva kulira kwa galimoto. Kamiyawu, chigalimoto cha katundu, wodzaza njerwa ankabwera chafutambuyo, ndipo Otília asanakuwe n'komwe, matayala anali atapondereza bedi la mpiru.

"Imani! Imani inu!" Otília anathamanga khasu lili m'manja. "Simukuona kuti muno ndi m'munda?"

Woyendetsa anatulutsa mutu pawindo. Kalankhulidwe kake kanali ka ku Mwanza.

"Pepanitu amayi, ine ndangotumidwa. Bwana Eduardo ati titsitse pompano."

"Eduardo wake uti?"

"Amene agula malo ano. Akuti anagula kwa mwini wake, a Hélder."

Khasu linamulemera Otília. Hélder anali mwana wake, mwana yekhayo wamwamuna. Kumbuyo kwake amayi onse anali ataimirira, mbande zili m'manja.

"Ooo, kani?" anatero Catarina, akupukuta manja pachitenje. "Ife kusenza ndowe konse kuja tinkanenepetsa maziko a nyumba ya anthu?"

"Sindikudziwapo kanthu, mana."

"Mwana n'kugulitsa dimba make osadziwa? Uzani ena zimenezo."

Palibe anaseka. Anyamata a pakamiyawu anayamba kuponya njerwa pansi, fumbi lofiira likugwera pamasamba. Isménia anamukokera Otília pambali.

"Mama, pitani kwa sekeretariyu wa bairu, mkulu woweruza nkhani za dera lino. Aliyense pano akudziwa kuti mwalima malo ano zaka zonsezi. Ine ndikakuperekezani, ndikachitira umboni. Zimenezi zikhoza kuimitsidwa."

"Ndiyambe ndamuona mwanayo," Otília anayankha.

Anakwera chapa, kaminibasi konyamula anthu, osasintha n'komwe zovala zakumunda. Pamlatho anayang'ana madzi, akudziuza kuti mwina pali Hélder wina, mwina woyendetsa uja wasokera. Koma atangokhota kulowa pakhomo pomwe mwana wake ankachita lendi ku Matundo, anaona mota, njinga yamoto yatsopano, yofiira, mapulasitiki akadali pachishalo. Hélder anali atanjuta akupukuta matayala. Mkazi wake Lara, yemwe anali woyembekezera wotopa, anangopereka mpando n'kulowa m'nyumba.

"Hélder, njerwa zili m'dimba mwanga n'za yani?"

Mnyamatayo anapitiriza kupukuta.

"Ndimati ndibwera Lamulungu kudzakufotokozerani, amayi. Sindimadziwa kuti afulumira chonchi."

"Ndiye n'zoona."

"Amayi, chichotsedwere ntchito kumgodi kuja ndagogoda paliponse. Mwini nyumba akutithamangitsa. Lara ndi uyu mukumuonayu. Mota imeneyi ndizinyamulira anthu, tonse tizidya, ndi inu nomwe. Nanga dimba lija limadyetsa ndani? Mpiru?"

"Mpiru womwewo ndi umene unakuphunzitsa sukulu."

"Malo aja ndi a bambo anga. Ine ndilibe gawo?"

"Bambo ako anawaswa ndi ine. Iwe unali kumsana. Ukanabwera kudzandipempha, mwina ndikanalira n'kukupatsa. Koma wandichititsa manyazi pamaso pa anthu amene ndinawaitana ndekha. Akuti ndine wakuba thukuta lawo."

Hélder anaika kansanza pansi. Maso ake anali ofiira.

"Mukapita kwa sekeretariyu, a Eduardo akanditengera kupolisi. Zomwe anandipatsa zinalowa kale apa." Anagwira thanki ya mota. "Ndilibe chobweza. Mwanayu adzabadwa ine ndili m'ndende. Sankhani nokha, amayi."

M'nyumba Lara ankalira chapansipansi. Otília anadzuka osatsanzika.

Kutacha anavala chitenje chake chabwino, napita kwa sekeretariyu. Anafika mpaka pachipata. Pakhonde panali anthu akudikira milandu yawo, ndipo mmodzi anamusunthira malo pabenchi. Otília anaima, dzanja lili pachitseko cha chipatacho. Anaganiza za makosi a anzake aja. Anaganizanso za Lara, ndi mimba ija, akusenza chakudya kupita nacho kundende. Mkazi wa sekeretariyu anamuona.

"Lowani, mama Otília. Kwagwanji?"

"Ayi, ndimangodutsa," anatero, nabwerera.

Otília anakamupeza Eduardo kudimba akulozera amisiri pokumba. Anali bambo waulemu wake, wogulitsa zitsulo mumzinda, ndipo nkhope yake inagwa atamva kuti mayiyo sanauzidwe.

"Ine anandiuza kuti mwavomera, mama. Ndikanadziwa sindikanalowamo."

"Tidikireni matimatiwa apse. Ndi miyezi yochepa chabe."

"Amisiri ndawaitana kale, simenti ili m'njira. Ndingakupatseni mpaka Loweruka. Chotsani chilichonse chomwe mungathe."

Madzulo ake Otília anayenda khomo ndi khomo kuitana gulu. Ena anabwera, ena anatumiza mawu akuti atanganidwa. Otília anaima pafupi ndi mulu wa njerwa nalankhula osazungulira.

"Mwana wanga wagulitsa dimba. Sindinadziwe, koma tsopano ndadziwa, ndipo sindikamusumira. Mukandida, ndi ufulu wanu. Mbande ndi zanu, manyowa ndi anu. Tengani zonse, ine musandisiyireko kanthu."

Isménia anamuyandikira.

"Mama, mukudziwa kuti popanda munda wophunzirira, akuluakulu anga andisamutsira kwina? Ku Canongola akhala akundipempha."

"Ndikudziwa, mwanangu."

Amayi awiri ananyamula makasu awo n'kumapita. Catarina anatsala atapinda manja, akuyang'ana nazale. Masamba a mbande anali atayamba kale kufota ndi fumbi.

"Kuseri kwa nyumba yanga kuli kamalo," anatero potsiriza, osamuyang'ana Otília. "N'kouma, ndipo madzi ndi okatunga kutali. Sindikuchitira inu ayi. Ndikumvera chisoni mbandezi."

"Tikadzaza dothi ndi manyowa m'matumba, matimati amabereka ndithu," anatero Isménia. "Sindinakuphunzitseni zimenezo. Tiyambira pamenepo."

Loweruka analawirira dzuwa lisanakwere. Anafukula mbande imodziimodzi, kuziika m'mabeseni, n'kuphimba ndi masaka onyowa. Anakokolola manyowa onse, ndi dothi lakuda la pamwamba lomwe. Theka la mbande linafera m'manja. Amisiri anali atayamba kale kukoka chingwe pakati pa mabedi.

Otília akusenza beseni lake lomaliza, mota yofiira inaima pamsewu. Hélder anatsika, navula chisoti.

"Amayi, bweretsani ndikunyamulireni. N'kutali kwa a Catarina."

Amayi ena anaima kuti aone. Otília anamuyang'ana mwana wakeyo. Anali ataonda, milomo itauma, ngati munthu amene sakugona tulo.

"Lara ali bwanji?"

"Miyendo yatupa. Akukufunsani."

"Umuuze ndibwera mawa ndikatuluka kutchalitchi. Ndibwerera iyeyo."

"Nanga beseni?"

"Pita ukanyamule anthu ako. Izi ndisenza ndekha."

Anakonza nkhata, nalowa m'kanjira kotsetsereka kumbuyo kwa Catarina, madzi amatope akudontha m'beseni n'kumayenderera m'khosi. Kumbuyo mota inakhala chete nthawi yaitali isanalire.